Miyala ya M'mbali mwa Khwawa

Kuseri kwa sukulu imene ndinaphunzitsapo zaka makumi atatu ndi zisanu kuli khwawa. M'chilimwe ndi ngalande chabe, timadzi takuda tikuyenda pansi pakati pa zinyalala. Koma mvula ikagwa kumtunda kwa mzinda, madzi onse a m'misewu amathamangira momwemo, ndipo pakangotha ola limodzi khwawalo limadzaza mpaka m'milomo. Theka la ana a pasukulupo amakhala kutsidya. Msewu wa galimoto umazungulira kutali kwambiri, choncho anawo ankawolokera pa paipi yaikulu ya madzi imene imadutsa pamwamba pa khwawalo. Ankavula nsapato n'kuzikoleka m'khosi, makope pamutu, n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Tsiku la mvula makolo sankawalola, ndipo m'kaundula wanga munkadzaza timizere ta ojomba.

Pafupi ndi paipiyo, mbali ya kusukulu, panali mwala. Chinali chipilala chachifupi cha simenti, cholekeza m'mawondo, pamwamba pake atamatapo sileti yakuda yolembedwa kuti mwala uwu wa maziko a mlatho unaikidwa ndi Meya wa mzinda uno. Meyayo anthu ankamutchula kuti a Chipewa, chifukwa chithunzi chake chilichonse anali atavala chipewa. Mwala unalipo. Mlatho ndiye kunalibe.

Ine mwalawo ndinkaugwiritsa ntchito. Zilembo zake zinali zazikulu ndi zooneka bwino kuposa za m'mabuku athu ong'ambika, choncho chaka chilichonse ndinkatenga ana a kalasi yachitatu kukawerenga pamenepo, mmodzimmodzi, chala chili pa chilembo.

Chaka china m'kalasimo munali mdzukulu wa a Chipewa. Bambo ake anali atangosankhidwa kumene kukhala meya, ndipo iwo anthu ankawatcha a Sizasi chifukwa chokonda kudula maliboni. Banjali linali ndi lamulo lakuti ana awo aziphunzira sukulu ya aliyense, kuti ovota aziona. Koma mwanayo ankabwera pa galimoto, masokosi ali mbee, ndipo anzake sanachedwe kumupatsa dzina lakuti Kameya. Anali mwana wachete, wolemba mwaukhondo, woopa kulakwitsa. Ndinamukhazika desiki imodzi ndi kamtsikana ka kutsidya kamene anzake ankakatcha Chinyezi, poti diresi yake sinkauma m'munsi nyengo yonse ya dzinja. Chinyezi analibe mantha ndi munthu.

Tsiku lowerenga mwala, Kameya anawerenga mizere yonse osaphonya, kenako anatembenuka nkhope ikuwala.

"Amenewa ndi agogo anga."

"Ndiye ukawauze agogo akowo kuti tikudikira," anatero Chinyezi.

"Anamwalira."

"Pepa. Ndiye ukawauze bambo ako."

Mwanayo anakawauzadi. Ndipo a Sizasi anamva, pakuti mwana wawo ankamukonda. Patatha mwezi umodzi kunabwera matenti, mipando ndi zokuzira mawu. Ana athu anaimba. Kameya, atavala diresi yoyera, ananyamula pa kapilo kampeni komangira kasiliva kamene banjalo linkasunga m'kabati ya galasi kuchokera nthawi ya agogo ake. A Sizasi anatapa kamatope, anapaka, anthu anaomba m'manja. Pambali pa mwala wa a Chipewa panaima mwala wachiwiri, wotakata pang'ono. Madzulo matenti anapasulidwa, ndipo m'mawa mwake ana anawolokera pa paipi.

Sindikufuna kuti a banja limeneli muwaone ngati anthu abodza. Ndinawadziwa, ndipo sanali otero. Kwawoko, kuika mwala ndiye kunali kugwira ntchito. Zotsalazo ankaziona ngati za anthu ovala maovolosi, zimene zimangochitika zokha bwana akachoka. Munthu akawapempha mlatho, iwo ankamupatsa mwala ndi mtima wonse, n'kupita kunyumba akumva kuti athandiza.

Kuyambira chaka chimenecho, pophunzitsa kalembedwe ka kalata yapantchito ndinkapereka mutu umodzi: kalata kwa a Meya yopempha mlatho. Ndinkachonga, ana n'kukoperanso bwinobwino, ndipo makalata atatu abwino kwambiri ndinkakawasiya ku khonsolo ndekha. Chaka choyamba, imodzi mwa atatuwo inali ya Kameya. Yankho silinabwerepo, koma ana anaphunzira poika adiresi ndi deti.

Kwawo kwa Kameya ndale zinali ngati munda wa banja: aliyense ankalimamo. Pakhonde pawo panali mabenchi awiri aatali, ndipo dzuwa lisanakwere ankakhala atadzaza anthu, wina akufuna malo pamsika, wina akudandaula za mpope. Mtsikanayo anakula akuperekera tiyi pakhondepo. Anaphunzira kusunga mayina, kudziwa amene mayi ake akudwala, ndi kupereka moni wautali osayang'ana wotchi. Komabe amene ankakonzedwa kudzalowa m'malo anali mlongo wake. Mnyamatayo atakula anasankha udokotala wa ziweto, nati ng'ombe n'zabwino chifukwa sizibwera pakhonde. Kameya anakagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala zaka zisanu ndi zitatu, anakwatiwa, anabereka ana awiri. Kenako bambo ake, mawondo atayamba kukana, anamuitana n'kumuuza kuti dzina la banja silingagone pa benchi. Anaima pa ukhansala ndipo anapambana mosavuta. Mumzinda mwathu makhansala ndiwo amasankha meya pakati pawo, zaka ziwiri ndi theka zilizonse. Pamene ankamuveka unyolo wa umeya anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

Anayamba bwino. Magalimoto otola zinyalala anayambanso kuyenda, ndipo zimbudzi za pamsika, zimene zinakhala zokhoma zaka zambiri, zinatsegulidwa. Koma m'nyuzipepala ndinkamuonanso ali ndi kampeni kasiliva kaja m'manja. M'zaka ziwiri anaika miyala inayi. Zithunzizo ndinkadula n'kusunga, monga timachitira aphunzitsi, koma mtima unkandiwawa pang'ono.

Masana ena m'chilimwe, ana ataweruka, ndikuchonga makope, ndinamva odi pakhomo. Anali iye, wopanda unyolo, atakumbatira failo yonenepa yomangidwa ndi chingwe. Ndinayamba kudzuka.

"Lowani, a Meya."

"Mukandiimirira ine ndigwada, ndiye tonse tivutika ndi mawondo. Khalani, aphunzitsi. Ndipo dzina langa mukulidziwa."

Anadzipanikiza pa desiki ya ana n'kumasula chingwe. Anati injiniya watsopano wa khonsolo, mayi wachitsikana amene sankadziwa mbiri ya mzindawu, anaitanitsa failo ya mlatho uja, ndipo ataiwerenga anabwera nayo mu ofesi ya meya osagogoda n'komwe. Pamwamba panali makalata a ana anga, a zaka pafupifupi makumi atatu, ena atasanduka achikasu. Anasolola imodzi n'kundionetsa. Inali yake, ndipo pakona panali cholembera changa chofiira.

"Munandichotsera malikisi awiri chifukwa cha deti."

"Unaiika kumanzere."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse. Pansi pa makalatawo panali malipoti a mainjiniya atatu, a zaka zotalikirana, ndipo onse ankanena chimodzi. Gombe la mbali ya kusukulu ndi mchenga ndi zinyalala zokhazokha. Malo olimba ndi amodzi basi, thanthwe lalikulu ngati mikeka iwiri, ndipo nsanamira ya mlatho iyenera kuima pamenepo. Injiniya woyamba anawalozera a Chipewa malowo molondola, iwo n'kuikapo mwala wawo pakatikati. A Sizasi anadzatseka mbali imene inatsala. Lipoti lililonse linkathera ndi mawu akuti ntchito iyamba miyala ikachotsedwa, tikudikira chilolezo.

"Zaka makumi asanu, aphunzitsi. Palibe amene anakana. Palibenso amene anafunsa. Ndani akanalowa mu ofesi ya ababa n'kunena kuti bwana, tizule mwala wa bambo anu?"

Anandifotokozera mmene zinthu zinalili, mwadongosolo, ngati akuyankha funso la mayeso. Zitsulo zinalipo kale ku bwalo la khonsolo, zotsala pa ntchito ina. Simenti inalipo. Nsanamira inkafunika kuthiridwa khwawa lili louma, ndipo mvula inali itatsala miyezi itatu. Koma pakatha masabata asanu ndi awiri makhansala khumi ndi asanu ndi awiri ankayenera kusankhanso meya, ndipo oposa theka anali anthu amene analeredwa pa mabenchi a bambo ake. Bambowo anali atasemetsa kale mwala wachitatu, wa dzina la Kameya, woti aikidwe pamalo omwewo kutatsala sabata imodzi kuti avote.

"Ndikazula, ndachititsa manyazi ababa, ndipo mpando wapita. Ndikadikira chisankho chidutse, madzi atipeza, ndiye ndi chaka chamawa. Ndipo ndikudzidziwa, aphunzitsi. Chaka chamawa kudzakhala chifukwa china. Nditani?"

"Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa kuwerenga," ndinatero. "Ndipo wawerenga kale."

Anamanganso failo yake pang'onopang'ono. Ali pakhomo anafunsa ngati timawerukabe nthawi yomwe ija. Ndinati inde, wani koloko.

Za kunyumba anadzandiuza pambuyo pake. Anawapeza bambo ake pakhonde ali ndi azakhali ake, mlongo wa bambowo, amene ankasunga makiyi a kabati ya galasi ija. Atangotchula zozula miyala, azakhaliwo anaika kapu pansi.

"Mwanawe, mwala wa agogo ako ndi manda awo achiwiri. Unamvapo munthu akufukula manda kuti apeze njira?"

"Agogo ankafuna mlatho, azakhali. Zinalembedwa pamwalapo."

"Zolembedwa n'zambiri. Pa chitini cha mkaka amajambulapo ng'ombe, koma sunaipezemo."

A Sizasi analankhula mofatsa, monga ankachitira akakwiya kwambiri. Anati mainjiniya amabwera n'kupita, koma dzina limakhala. Anati munthu sakwera mtengo n'kuyamba kudula nthambi imene wakhalapo. Kameya sanatsutse. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Ababa, mwala wachitatuwo bwerani mudzausankhire malo nokha. Lachinayi. Ndidzakutengani isanakwane wani."

Lachinayi anabweradi, atavala suti yotuwa, ndodo m'manja. Anali asanapondepo pamalopo kuchokera tsiku la matenti lija. Injiniya anali pomwepo ndi chitsulo chachitali. Ine ndinaimba belu pa nthawi yake, osafulumiza ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndinatsatira ana kukaimirira cha patali.

Ana a kutsidya anafika gulu. Anapereka moni kwa akuluakuluwo mwaulemu, kenako anachita zimene ankachita tsiku lililonse. Awiri anakhala pa mwala wa a Sizasi, mmodzi pa wa a Chipewa, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Akamaliza ankadzuka, ena n'kukhalapo. Panali mzere, ndipo unkayenda bwino, poti ndinawaphunzitsa kuti aang'ono azitsogola. A Sizasi anayang'ana kanthawi. Mpata utapezeka anawerama. Pa mwala wa bambo awo zilembo zinali zitafufutika theka. Pa wawo, dzina linali litatsala zilembo zitatu, ndipo sileti inali yosalala ngati mbale.

"Anawa akukhalira dzina langa?"

Amene anayankha anali mayi wina amene anali atangowoloka pa paipi kudzatenga mwana wake wamng'ono, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali Chinyezi. Tsopano anali telala, ali ndi kashopu kake kutsidya.

"Bwana, musadandaule. Mwala wanuwu ndi wabwino kuposa wa bambo anu. Ndi wotakata, timakwanapo awiri."

"Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa kutsidyaku, simungawadziwe. Ine ndinavulirapo nsapato pamenepa, mwana wanga woyamba anavulirapo, uyu wachitsirizayu nayenso. Unagwira ntchito mwalawu. Ukanapanda kukhalapo tikanamakhala m'fumbi." Anatembenukira kwa Kameya. "A Meya, mwanenepa. Paipi iyi simungakwanepo."

"Sindinayambe ndayesapo."

"Ndikudziwa. Kwanu mumayesa miyala."

Anamanga mwana wake kumsana ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, n'kukwera pa paipi. A Sizasi anamuperekeza ndi maso mpaka anatsikira tsidya linalo. Kenako anakodola injiniya.

"Mwanangu, nsanamira yanuyo singasunthe pang'ono? Apa, kapena apo?"

Injiniya anazika chitsulo chake pamene analozapo, n'kutsamira, ndipo chinalowa mpaka m'chiuno mwake ngati chikulowa m'phulusa. Anachizula, anayesa pena, chimodzimodzi. Kenako anachigunditsa m'tsinde mwa miyala ija, ndipo chinalira ngati belu langa.

Mkuluyo anatsamira ndodo ndi manja onse. Ndinkayembekezera kuti avomera, ndipo ndikhulupirira mwana wawo ankayembekezeranso. Koma munthu sasintha zaka makumi asanu ndi awiri masana amodzi.

"Chita zimene ukufuna," anatero. "Ndiwe meya. Koma ine usandiyembekezere, ndipo anthu anga sindiwaletsa."

Anayenda okha kupita ku galimoto, akukana dzanja.

Lolemba m'mawa kunabwera lole ya khonsolo ndi amuna khumi. Anatsitsa mapiki ndi mafosholo, anazungulira miyala ija, n'kuima. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba. Kapitawo anavula chipewa n'kuyandikira Kameya.

"Bwana, ife tili ndi ana. Mawa inu mukachoka, adzafunsa kuti anayamba ndani."

"Mudzati ndine."

Anavula nsapato zazitali, anatenga piki, n'kuikweza. Inatera pambali, n'kudumpha, pang'ono kumuphwanya chala. Kutsidya kunali kutasonkhana anthu, ndipo mawu a Chinyezi anamveka bwinobwino.

"Gwirani kumapeto, a Meya. Si kapu ya tiyi imeneyo."

Anagwira kumapeto. Kachiwiri piki inalowa m'nthaka. Kachitatu kapitawo anamulanda, nati zakwana, aliyense waona. Lamulo la Kameya linali limodzi: miyala isasweke. Anaikumba mozungulira, anaikweza pa mitengo, ndipo amuna asanu ndi atatu anainyamula kudzaiika pansi pa mtengo wa pabwalo la sukulu.

"Aphunzitsi, mundisungire agogo ndi ababa," anatero Kameya.

Masabata otsatirawo anali owawa. Nyuzipepala ina inajambula chithunzi cha mwana akukankha bambo ake pa wilibala. Pakhonde paja mabenchi ankadzaza kuposa kale, ndipo iye akafika anthu ankatsitsa mawu. Azakhali anasiya kuyankha moni wake. Makhansala ena ankamuuza pamaso kuti ali naye, koma maso awo ali pa nsapato. Iye m'mawa uliwonse, asanapite ku ofesi, ankadutsa pakhwawa. Ndinkamuona pawindo akufunsa injiniya mafunso, akulemba m'kabuku. Ankadziwa kuti dzenje lopanda kanthu meya wina akhoza kulikwirira, koma nsanamira yoima sangaibise. Konkire inathiridwa kutatsala masiku asanu kuti avote, mbali zonse ziwiri.

Anagonja ndi voti imodzi, asanu ndi atatu kwa asanu ndi anayi. Anavula unyolo yekha n'kumuveka khansala amene anapambanayo, n'kukakhala pa mpando wa khansala wamba. Amene analipo amati sanalire, koma anaiwala chikwama chake m'holo.

Meya watsopanoyo anabwera kudzaona, anapeza nsanamira zinayi zitaima, anthu a kutsidya ali m'mbali kumuyang'ana. Analamula kuti ntchito ifulumire. Zitsulo zinaikidwa, matabwa anakhomedwa, zogwirira zinapakidwa utoto wobiriwira. Anadula liboni yekha, anakhomapo chikwangwani cha dzina lake, ndipo zimenezo sindimuweruza nazo, pakuti anamalizadi. Koma mukafunsa njira mumzindamu lero, akuuzani kuti mukawolokere pa Kameya.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa Lachiwiri, kuyambira m'bandakucha. Ndinatsegula kaundula, cholembera chili chokonzeka kulemba timizere monga mwa zaka zonse. Ndinaitana dzina loyamba, linayankha. Lachiwiri, linayankha. Pa ana makumi asanu ndi limodzi, anajomba awiri okha, ndipo onse anali a mbali ino. Ana a kutsidya anali atanyowa mapewa, nsapato zili kumapazi, ndipo nkhope zawo sizinali zokondwa kwenikweni. Kamtsikana kena kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndiye kuti mvula ikamagwa tizibwerabe?"

"Muzibwerabe."

"Masiku onse?"

"Onse."

Kanapumira m'mwamba ngati munthu wamkulu. Ndinatembenukira ku bolodi kuti asandione ndikuseka.

Nthawi yopuma ndinaona pawindo ambulera yakuda ili pakati pa mlatho. Anali a Sizasi, okha. Anaima pamenepo akuyang'ana madzi ofiira akuwinduka pansi pawo, paipi ija itamira osaoneka n'komwe. Kenako, m'malo mobwerera, anapitirira kutsidya. Anali atalamulira mzindawu zaka khumi, koma kumeneko kunali kuponda kwawo koyamba. Chinyezi amati anawaona akudutsa pa shopu yake thalauza itanyowa mpaka m'mawondo, anawaitana kuti ausemo mvula, n'kuwapatsa mpando wa makasitomala. Akuti anakhala ola lathunthu akufunsa mafunso: mumatunga kuti madzi, odwala mumawanyamula bwanji, mzimayi akayamba kudwala mvula ikugwa mumatani. Iye anawayankha zonse, osachotsera.

Ana ataweruka, a Sizasi anafika pakhomo la kalasi yanga.

"Aphunzitsi, ndamva kuti miyala yanga ili kwa inu."

Ndinawaperekeza pansi pa mtengo. Anaiyang'ana, anaigogoda ndi ndodo.

"Kunyumba kuli wina wachitatu. Ukungodya malo m'galaja." Anakhosomola. "Mukamuuze mwana wanu uja kuti ngati khonsolo ilola, itatu yonseyi iikidwe kumapeto kwa mlatho, mondandalika. Anthu akatopa azikhalapo."

"Zolembazo ziyang'ane kuti?"

"M'mwamba. Anazolowera kale."

Ndinawauza kuti uthengawo ndi wautali, ndingaiwale mawu ena, kuli bwino akanene okha. Anandiyang'ana m'mene ana amandiyang'anira ndikawabwezera kope kuti akonze okha. Koma anapita. Madzulo amenewo, akuti, anakagogoda kunyumba kwa mwana wawo, nati abwera kudzaona adzukulu, ndipo anakhala mpaka chakudya.

Tsiku loika miyalayo kunalibe matenti. Azakhali anabwera ndi kampeni kasiliva kaja atakakulunga mu nsalu, n'kukapereka kwa mmisiri kuti agwiritse ntchito. Mmisiriyo anatapa matope kamodzi, kampeniko n'kupindika. Anakabweza mwaulemu n'kutenga wake.

Patatha zaka ziwiri ndi theka makhansala anamubwezera Kameya unyolo, ndipo bambo ake anakhala kumbuyo kwa holo, ndodo ili pakati pa miyendo. Mzinda udakali ndi mavuto ambiri. Misewu ya kutsidya ikadali yamatope, ndipo pa miyala inayi imene anaika m'zaka zake zoyamba, iwiri yokha ndiyo yasanduka nyumba. Akuti ina iwiriyo amaiyendera mwezi uliwonse ndi injiniya uja. Mwala watsopano sanaikenso. Ku khonsolo anthu amadziwa kuti ukamuitanira mwambo, funso lake loyamba ndi lakuti chatha kapena chikuyamba, ndipo ngati chikuyamba amatumiza moni.

Ine ndinapuma ntchito, koma ndimadutsabe pamenepo popita kumsika. Mphunzitsi amene anandilowa m'malo amatengabe ana a kalasi yachitatu kukawerenga miyala, ngakhale kuti wowerengeka bwino watsala umodzi. Loweruka lina ndinawapeza awiri aja atakhala pamenepo, meya ndi telala, thumba la nsalu lili pakati pawo, akukangana za kutalika kwa siketi ya yunifolomu. Anandisunthira kuti ndikhale pa mwala wa a Chipewa.

"Iwe, sunthira uko," anatero Kameya. "Ukukhalira dzina langa."

"Ndinayamba ndi agogo ako," anayankha Chinyezi, osasuntha. "Iwe ndiwe ndani?"

Pa mlatho panadutsa ana atatu akuthamanga, nsapato zikugogoda pa matabwa, ndipo sanatiyang'ane n'komwe.